Mbiya Ikasweka Pamoto, Mlandu Ngwa Yani?

M'midzi ya m'mphepete mwa nyanja ku Nkhotakota, kuyambira ku Chia mpaka kukafika ku Dwangwa, mphika wadothi sunatayidwe ngakhale mapoto a aluminiyamu adadzaza m'misika. Nyemba za mumphika zili ndi kakomedwe kakekake, ndipo madzi a mumtsuko amazizira osadikira magetsi. Koma woumba aliyense amadziwa kuti mbiya zoikidwa pamoto sizituluka zonse zamoyo. Ina imaphulika moto ukangokolera. Ina imatuluka ndi mng'alu kuyambira pamlomo kutsikira kumimba. Ina imatuluka bwinobwino, kuigogoda n'kulira mokoma, koma pakapita masabata angapo imayamba kuthothoka yokha ili pamalo amodzi.

Zifukwa zimene timapereka kumudzi n'zodziwika. Wina wafika pootcherapo ali wotentha, kutanthauza kuti sadadike usiku wathawo. Mtsikana amene ali kumwezi wadutsa pamtapo. Mayi woyembekezera wakhudza mbiya yaiwisi. Zikasowa zonsezi, timati pali wanjiru. Malamulo otere si a mbiya zokha. Nikolaas van der Merwe ndi Donald Avery, amene adagwira ntchito ndi akuluakulu osungunula chitsulo kwa Chulu ku Kasungu ndiponso ku Phoka m'zaka za m'ma 1980, adapeza kuti ng'anjo nayo inali ndi kudika kwake ndi mankhwala ake ambirimbiri. Ntchito iliyonse yodutsa pamoto makolo ankaitchinjiriza ndi mwambo, chifukwa zimene zimachitika mkati mwa moto sizioneka ndi maso.

Zimene zimachitika mkatimo lero n'zodziwika, ndipo zimachitika pa madigiri akeake. Tiyambe ndi yophulika ija. Mbiya imene ikuoneka youma kunja imakhala ikadali ndi madzi mkati, makamaka pansi pamene pali pochindikala. Kuno kunyanja mpweya umakhala wachinyontho mpaka mvula itatheratu, choncho mbiya imanyenga maso. Madzi akawira pa madigiri 100 a Celsius amasanduka nthunzi, ndipo lita imodzi ya madzi imapereka nthunzi yokwana malita pafupifupi 1,700. Moto wa pabwalo wa nkhuni ndi udzu umakwera mothamanga, umatha kupitirira madigiri 600 theka la ola lisanakwane. Nthunzi ikasowa potulukira imadzipangira khomo. N'chifukwa chake amayi odziwa ntchito amayamba aika mbiya pafupi ndi moto wa makala, kapena kuyatsa udzu pang'ono mkati mwake, asanaiunjikire nkhuni. Iwo amati akuizoloweretsa moto, ndipo akunena zoona.

Pamenepa pali chikhulupiriro china chofala ngakhale pakati pa ophunzira, choti kuotcha n'kuumitsa chabe, kungoti moto umaumitsa kwambiri kuposa dzuwa. Yesani nokha. Tengani chidutswa cha dongo chimene chakhala padzuwa la Okutobala mwezi wathunthu, ndi phale la mphika wakale, muziviike m'beseni. Chidutswa chija chibwerera kukhala matope, koma phale likhalabe phale. Mapale amene akatswiri ofukula zakale adapeza ku Nkope, ku Mangochi, akhala m'nthaka yonyowa zaka zoposa 1,500 osasungunuka.

Kusiyana kwake kuli apa. Mbali yaikulu ya dongo labwino ndi kaolin, imene pa magawo 100 alionse muli pafupifupi 46 a silika, 40 a alumina ndi 14 a madzi. Madzi amenewa si chinyontho, ndi omangika m'thupi lenileni la dongolo, ndipo dzuwa silingawachotse. Amachoka pakati pa madigiri 450 ndi 600, ndipo akachoka sabwereranso. Chotsalacho sichikhalanso dongo, ndi chinthu china chimene akatswiri amachitcha metakaolin. Moto ukakwera kufika cha m'ma 980 chimasinthanso, ndipo ukapitirira 1,100 mumayamba kumera timiyala tooneka ngati singano totchedwa mullite, dzina lochokera ku chilumba cha Mull ku Scotland. Mphika wa kumudzi umalekera pa sitepe yoyamba ija. Kapu yonyezimira ya mu shopu idafika pa yomalizayo.

Mng'alu uli ndi mwini wake, ndipo kawirikawiri ndi mchenga. Woumba amathira mchenga kapena mapale osinja m'dongo lonanda kwambiri kuti lisang'aluke pouma, ndipo n'zoyenera. Koma mchenga wambiri ndi quartz, ndipo quartz ili ndi khalidwe lake: pa madigiri 573 imatupa mwadzidzidzi ndi pafupifupi gawo limodzi pa 100, ndipo moto ukamatsika imabwerera pa digiri yomweyo. Mbiya yonse ikadutsa pamenepo nthawi imodzi palibe vuto. Koma mwera ukamaomba mu Juni ndi Julayi, mbali yoyang'ana kumphepo imayaka kwambiri kapena kuzizira msanga, mbali inayo isanafike. Mbali imodzi yatupa, ina ikadali momwemo, ndiye mlomo umang'ambika. Mapale osinja amaposa mchenga pa ntchito imeneyi chifukwa adapsa kale ndipo amatupa mofanana ndi dongo lowazungulira.

Nkhani ya mbiya yothothoka patapita masiku ndiyo imawawa kwambiri, chifukwa imachitika mbiya itagulitsidwa kale, ndipo imaoneka ngati ya matsenga. Yang'anitsitsani pamene pathothokapo. Kabowo kake kamakhala kotambalala kunja, kosongoka mkati, ndipo pakatikati penipeni pamakhala kadontho koyera kofumbutuka. Kadonthoko ndi laimu. Mchenga wa kugombe umakhala ndi tizidutswa ta zigoba za nkhono, ndipo madambo ena ali ndi timiyala toyera ta laimu m'dongo momwemo. Zigobazi zikapsa kuyambira cha m'ma 700 kufika 900 zimasanduka laimu wamoyo. Mbiya ikazizira, laimuyo amayamba kuyamwa chinyontho cha mumpweya pang'onopang'ono, n'kutupa, mpaka kutumphula dothi lomuphimba. Moto wa pabwalo umasewera m'madigiri omwewo, ndiye ngozi yake ili pafupi nthawi zonse. Kuyesa kwake n'kosavuta: dontheza viniga kapena madzi a mandimu pamchenga womwe ukufuna kugwiritsa ntchito. Ukatulutsa thovu, muli laimu. Kusefa mchenga, kusinja zigobazo mpaka zikhale ufa, kapena kuviika mbiya m'madzi ikangozizira kuti laimu azime msanga asanatupe pang'onopang'ono, zonsezi zimathandiza.

Palinso njira ina yodabwitsa. Owen Rye adalemba mu 1976 za oumba a ku Papua New Guinea amene dongo lawo lili ndi zigoba zambiri, koma mbiya zawo sizithothoka. Iwo amakanda dongo ndi madzi a m'nyanja yamchere. Mchere wochepawo umathandiza laimu kugwirana ndi dongo pa moto wocheperako, m'malo mokhala payekha kudikira chinyontho. Nyanja yathu ndi ya madzi opanda mchere, choncho mwayi umenewo sitiupeza mwaulere, koma phunziro lake n'lalikulu: kanthu kakang'ono kothiridwa m'dongo kamasuntha digiri imene kusintha kumachitikira.

Kodi ndiye mwambo wa kudika unali wopanda pake? Sindingafulumire kutero. Lamulo loletsa anthu kuyandikira pootchera linkachotsa ana, ocheza ndi zosokoneza pa nthawi imene woumba afunika kuika mtima wonse pamoto, ndipo ntchito imene munthu waikonzekera masiku angapo saichita mwamphwayi. Chimene sindigwirizana nacho ndi kumene mlandu umagwera. Mbiya ikathothoka chifukwa cha chigoba cha nkhono, amene amakalipiridwa ndi mtsikana wa pakhomo kapena mpongozi, ndipo mchenga uja umatapidwanso pamalo omwewo ulendo wotsatira.

Mawanga akuda a pambiya nawo samachokera ku tsoka kapena ku dothi la mtundu wina. Pamene chikuni kapena udzu zidatsamira mbiya, mpweya sudafikepo, utsi udalowa m'dothi ndipo chitsulo cha m'dongo sichidafiire. Pamene mpweya udafika mokwanira, chitsulo chomwecho chimapereka kufiira kwa njerwa.

Chikhulupiriro chimene chimandisangalatsa kwambiri ndi cha anthu ophunzira: choti dongo loyera, losasakanikirana ndi china chilichonse, ndilo limapanga chiwiya cholimba. Ku Linthipe, m'boma la Dedza, kuli dongo loyera la kaolin lochuluka, ndipo anthu akamalinena amakhala ngati n'kungolitapa n'kuumba mbale zoyera. Vuto n'lakuti kaolin payokha ndi youma mutu. Siisungunuka mpaka moto utapitirira madigiri 1,700, ndipo ukaiotcha pa 1,200 imatuluka yoyera koma yofumbutuka, yoyamwa madzi. Kuti igwirane imafuna mnzake wosungunuka msanga. Mnzakeyo kawirikawiri ndi feldspar, mwala wokhala ndi potaziyamu kapena sodiyamu, umene umayamba kusungunuka cha m'ma 1,150. Madzi a galasi amene umapanga amalowa m'mipata yonse, ndipo m'menemo ndi momwe singano za mullite zimamera n'kulukanalukana. Muyeso wodziwika wa mbale zoyera zolimba ndi theka kaolin, kota feldspar, kota quartz.

Anthu a ku China adadziwa zimenezi zaka mazana ambiri Azungu asanazitulukire, ndipo mbale zawo zinkayenda kutali. Yusuf Juwayeyi atafukula ku Mankhamba, likulu lakale la Amaravi pafupi ndi Mtakataka, adapezako zidutswa zake pamodzi ndi mikanda ya galasi. Ku Ulaya adavutika nazo mpaka cha m'ma 1708, pamene Johann Friedrich Böttger ku Saxony adasakaniza kaolin ndi alabasitala, mwala wa kashiamu, ndipo fakitale ya ku Meissen idatsegulidwa mu 1710. Chimene chinkawasowa nthawi yonseyo sichinali dongo loyera lokha, komanso chothiramo choyenera. Kwathu kuno, amene akufuna kuona kusiyana kwake ndi maso apite ku Dedza Pottery, imene idayamba mu 1987, kapena ku Nkhotakota Pottery kugombe kum'mwera kwa boma, imene idayamba ngati nthambi yake. Makapu ndi mbale za mtundu umenewo zimaotchedwa mu uvuni wotsekedwa pa moto woposa wa pabwalo kutalitali, ndipo ukathyola imodzi, mkati mwake mumaoneka mogwirana, mosayamwa madzi, mosiyana ndi phale la mphika.

Kunena chilungamo, chikhulupiriro cha dongo loyera chija chili ndi pamene chimagwira. Njerwa zomangira mkati mwa uvuni ndi m'maboyila a m'mafakitale zimafunika dongo la alumina wambiri, lopanda zosungunulira, chifukwa ntchito yake n'kukana moto. Phulusa la nkhuni, limene lili ndi potaziyamu ndi kashiamu, limazidya pang'onopang'ono. Phulusa lomwelo woumba wina amalisefa n'kulisakaniza ndi dongo kuti apange chonyezimiritsa cha pakapu.

Tsopano tichotse silika yense m'dongo, titsale ndi alumina yekha. Chinthu chimenechi tili nacho pafupi kuposa momwe timaganizira. Mbali yoyera ya pulagi ya injini ya boti kapena ya njinga yamoto ya kabaza ndi alumina magawo oposa 90 pa 100. Madisiki ambiri amene owotcherera amadulira zitsulo ndi alumina. Pa phiri la Chimwadzulu ku Ntcheu alumina amapezeka mwachilengedwe ngati mwala wa corundum, umene pa sikelo ya Mohs uli pa 9, kutsatira dayamondi. Corundum yopanda chosakaniza ilibe mtundu, imaoneka ngati galasi. Mukalowa chromium pang'ono, pafupifupi gawo limodzi pa 100, imafiira n'kukhala ruby. Mukalowa chitsulo ndi titanium imakhala sapphire wobiriwira ngati thambo. Ndalama imene anthu amathamangira ku Chimwadzulu ili m'kachitsotso kameneko.

Alumina wa m'mafakitale amachokera ku bauxite, dothi limene Frank Dixey adalipeza pamwamba pa phiri la Mulanje mu 1924, ndipo mpaka lero silinakumbidwe mwamalonda. Bauxite amatsukidwa ndi soda wamphamvu mwa njira imene Carl Josef Bayer adatulukira cha m'ma 1888, ndipo pamatsala ufa woyera. Ufawu ukamaotchedwa umadutsa masitepe angapo amene akatswiri adawatcha ndi zilembo za Chigiriki. Cha m'ma 500 umakhala gamma, wopepuka, wodzala timabowo tosaoneka, moti galamu imodzi yokha imakhala ndi malo okwana masikweya mita 200 kapena kuposerapo. Kenako umadutsa delta ndi theta, ndipo pakati pa 1,100 ndi 1,200 umasanduka alpha, amene ndi corundum yemwe uja. Alpha sabwereranso m'mbuyo, ndipo sasungunuka mpaka kupitirira madigiri 2,000.

Sitepe yomalizayi ndiyo yovuta. Posanduka alpha, ufa umafota ndi pafupifupi magawo 10 pa 100, ndipo chifukwa kusinthako kumayambira m'malo ochepa otalikirana, kumasiya timabowo tokhotakhota tovuta kutseka ngakhale pa 1,600. M'zaka za m'ma 1980, Masato Kumagai ndi Gary Messing a ku Pennsylvania State University adasonyeza kuti ukathiramo ufa wosalala wa alpha wopsa kale, gawo limodzi kapena awiri pa 100, kusinthako kumayambira paliponse nthawi imodzi. Digiri yake imatsika ndi madigiri oposa 100, ndipo chinthucho chimagwirana pa moto wa pafupifupi 1,200. Zili ngati chimera chodzaza dzanja chimene chimatembenuza phala la mumbiya yonse kukhala thobwa. Dzimbiri lofiira la chitsulo, hematite, limachitanso chimodzimodzi chifukwa kaumbidwe kake n'kofanana ndi ka corundum. Aluminium fluoride wochepa amatsitsa digiriyo mpaka pafupi ndi 900, ndipo timiyala timatuluka taphanthiphanthi. Koma silika, barium ndi lanthanum amachita zosiyana: amachedwetsa kusinthako.

Chitsanzo chotchuka kwambiri cha mphamvu ya chothiramo chochepa ndi cha Robert Coble wa ku General Electric kumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Alumina woyeretsetsa ankakana kugwirana kotheratu, chifukwa timiyala tina tinkakula mothamanga n'kumeza timabowo ta mpweya mkati mwake, momwe sitingatulukenso. Coble adathiramo magnesia osapitirira kota ya gawo limodzi pa 100. Timiyala tidayamba kukula mofanana, timabowo tidapeza mpata wotuluka, ndipo padatuluka alumina wolola kuwala kudutsa, amene adamutcha Lucalox. Magetsi achikasu a m'misewu ya m'mizinda, amene tsopano akulowedwa m'malo ndi a LED, ali ndi kachubu ka alumina ameneyu mkati, chifukwa galasi wamba silingapirire nthunzi yotentha ya sodiyamu.

Wina angafunse kuti nanga n'kuchedwetseranji alpha, poti ndiye wolimba? Funsoli likuchokera ku chikhulupiriro china, choti moto wochuluka nthawi zonse umapereka chinthu chabwino. Oumba njerwa amadziwa kuti si choncho: njerwa za pafupi ndi makomo a moto pa uvuni zimatuluka zakuda, zopindika, zina zomatirirana, chifukwa dongo lofiira lili ndi chitsulo ndi zosungunulira zambiri ndipo silipirira moto wopyola muyeso. Mtsuko umaziziritsa madzi chifukwa choti sudapse kwambiri. Madzi amathonya m'timabowo, n'kuuma kunja, n'kutenga kutentha. Mphika ndi mbaula ya Chitetezo zimapirira kuikidwa pamoto tsiku ndi tsiku chifukwa timabowo tomweto timaletsa mng'alu kuyenda. Kapu yokongola ija, ukaiteleka pamafuwa, ikhoza kung'aluka tsiku lomwelo.

Ndi alumina zili chimodzimodzi. M'kabokosi koyeretsa utsi ka pa ekizozi ya magalimoto ochokera ku Japan muli gamma alumina wopakidwa platinamu ndi zitsulo zinzake. Ntchito yake imadalira timabowo tija. Akasanduka alpha, malo amene anali masikweya mita 200 amatsala ochepa chabe, ndipo kabokosiko katha ntchito. Ndiye opanga amathiramo lanthanum kapena barium dala kuti asapse msanga. Timabowo tomweto timagwira fluoride m'madzi akumwa. M'madera ngati Nathenje, kumene madzi a m'mijigo ina ali ndi fluoride woposa mamiligalamu 1.5 pa lita amene bungwe la WHO limalola, ana amakula ndi mano a mawanga ofiirira, ndipo ofufuza a m'dziko muno adayesapo bauxite wa ku Mulanje ngati chosefera. Pa ntchito imeneyi moto wochepa ndiwo umafunika. Woupitiriza amapeza mwala wolimba wosagwira kanthu.

Chenjezo lomaliza likupita kwa amene angamve zonsezi n'kuganiza kuti chimene chathandiza uku chithandizanso uko. Sodiyamu wa mumchere, amene amapulumutsa mphika wa zigoba, akachuluka amasiya zoyera pambiya n'kufewetsa dongo pamoto, choncho woumba wofuna kuyesa ayambe ndi tizidutswa tochepa, osati mbiya za oda. Mu alumina wa mapulagi sodiyamu ndi mdani weniweni. Soda wotsalira kuchokera ku njira ya Bayer amagwirana ndi alumina n'kupanga chinthu china chotchedwa beta-alumina, chimene chikatentha chimalola magetsi kudutsa. Pulagi imafunika kutsekereza mavoti zikwi makumi angapo injini ili yotentha, choncho opanga amagula alumina wotsukidwanso, amene soda wake safika gawo limodzi pa 1,000, ndipo amamulipira mtengo wokwera kuposa wamba.